Kobiri la njovu m'dzala la malume

Lolemba

Ndafika, abale anga. Ndikulemba izi mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, atupa ngati mandasi.

Tinanyamuka ku Blantyre kusanache, n'kudutsa pa Mwanza ndi Zobue. Zambezi tinawoloka pa Tete dzuwa likuswa mtengo, chakumadzulo tinali pa Nyamapanda. Titatsala pang'ono kufika ku Mutoko tayala linaphulika. Tinakhala m'mbali mwa msewu maola awiri tikugawana zitumbuwa za mayi wina amene amakaona chidzukulu. Dzina la kampani ya basiyo ndalisunga mumtima.

Chondibweretsa kuno ndi malume, mlongo wawo wa amayi. Anachoka kwathu ku Mtakataka mu 1961 ali mnyamata, ati akungokapeza ya njinga. Njingayo anaguladi, koma kumudzi sinafike. Lero ali ndi nyumba ku Highfield kuno ku Harare, ana asanu ndi mmodzi, ndi Chichewa chakale chokoma chimene kwathu chinatsalira agogo okha, chothira Chishona apa ndi apo ngati mchere. Atandiona pageti anangoti, "Mphwanga, nkhope iyi ndi ya mlongo wanga," n'kukhala pansi, zii.

Ndisakubiseni, chilipo chachiwiri. Ndatha zaka 14 ndikuphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndipo chaka ndi chaka ndimalemba pabolodi za ufumu wa Mwene Mutapa: Nyatsimba Mutota anachoka ku Great Zimbabwe, mzinda wakale wa malinga a miyala, kukafuna mchere kumpoto ku Dande, mwana wake Matope anakuza ufumu, kenako kunabwera Apwitikizi. Ana amakopera, amalemba mayeso, n'kuiwala. Mphunzitsi wawonso dzikolo anali asanalipondepo. Tikudikira tayala paja ndinakumbukira kuti chakomweko ku Mutoko n'kumene kunali Luanze, umodzi mwa misika imene amalonda a ku Tete ankafikirako zaka 400 zapitazo. Ndinamwaza maso patchire ndi pamiyala yosanjikizana ija, koma chooneka ngati msika panalibe.

Lachiwiri

Chitsirizira cha malume, msuweni wanga, anaphunzira zofukula zakale pa University of Zimbabwe. Panopa amagulitsa mafoni m'tauni, akuti mabwinja salipira lendi. Chisuweni chinayamba m'mawa momwe, tiyi asanazizire.

"Asuweni, inu mumaphunzitsa ana dziko lathu musanalione? Nyamukani ndikakulowetseni sukulu. Fizi yake ndi nkhuku ndi tchipisi."

Tinakwera kombi, ndiye minibasi ya kuno, ndipo nkhani ya chenji pakati pa madola a ku America ndi ndalama yawo ya ZiG ndinamusiyira mwini dziko. Tinatsikira chapafupi ndi Zimbabwe Museum of Human Sciences, nyumba imene nthawi ya atsamunda inkatchedwa Queen Victoria Museum. Ine maso anali pa zinthu zikuluzikulu. Iye anandikokera pagalasi lina pamene panali mapale, inde mapale enieni, ngati amene amayi amakazingira chimanga kapena kumwetsera nkhuku.

Pamenepo ndi pamene anandimasulira ntchito yawo. Ofukula zakale, akuti, sali amodzi. Ena amalimbana ndi nthawi imene kunalibe wolemba, ndiye mboni yawo ndi nthaka yokha. Ena amagwira zaka zimene zolembedwa zilipo kale. Amenewa amatenga makalata a Apwitikizi, amatenga mbiri yapakamwa ya akuluakulu, amatenganso zotuluka m'dzala ndi m'bwinja, n'kuzikhazika zitatuzo pabwalo limodzi ngati mboni pamlandu wa munda. Wolemba kalata amalemba chimene bwana wake ku Lisbon akufuna kumva. Wofotokoza mbiri amakometsa mtundu wake. Dzala nalo siliyankhula zonse, chifukwa nsalu ndi madengu zimaola, koma munthu potaya phale saganiza zoti adzanamize aliyense.

Kuno nkhani ya mapale inachotsetsapo munthu ntchito. Azungu oyamba kulemba za Great Zimbabwe, kuyambira Karl Mauch mu 1871, ankati malinga amenewa sangamangidwe ndi munthu wakuda, mwina ndi a Mfumukazi ya ku Seba kapena alendo ena a kutsidya kwa nyanja. David Randall-MacIver anafukula mu 1905 n'kunena kuti omanga ndi eni nthaka. Gertrude Caton-Thompson anafukulanso mu 1929, yankho lomwelo. Komabe boma la Ian Smith silinafune kuti zimenezi zizinenedwa mosapsatira kwa alendo odzaona malo. Peter Garlake, amene anali woyang'anira malo akale kuyambira 1964, anakana kupotoza, ndipo mu 1970 anachoka m'dziko. Anabwerako ufulu utabwera. Tangoganizani, mzinda wa malinga otalika mpaka mamita 11, mbalame yake ili pambendera lero, koma panafunika zaka zonsezo kuti eni ake avomerezedwe kuti ndi eni ake.

Nkhuku ndi tchipisi ndinalipira. Sukulu ya kuno njodula.

Lachitatu

Lero tinali ku Mount Pleasant, kuyunivesite. Mwina ambiri simudziwa kuti sukulu imeneyi inayamba ndi dzina la University College of Rhodesia and Nyasaland, nthawi ya chitaganya chija makolo athu anachikana. Dzina lathu linali pachikwangwani. Ndinayenda m'makhonde mwake ngati wodzaona munda wa agogo umene unapita kwa ena.

Tinakhala pansi pa mtengo, msuweni n'kutulutsa m'chikwama mpukutu wa mapepala a fotokope, akuda m'mbali chifukwa chogwiragwira. Imeneyi ndi ntchito ya a Innocent Pikirayi, munthu amene iye amamutchula ngati m'busa wa mpingo wake ngakhale sanaphunzitsidwepo naye. Iwowa anaphunzira mbiri yakale pasukulu pomwepa, kenako anakachita udokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden, pa nthawi imene yunivesite imeneyo, kudzera mwa Paul Sinclair, inkaphunzitsa achinyamata a mayiko a kuno kufufuza chiyambi cha mizinda ya kum'mawa kwa Africa. Kafukufuku wawo anatuluka mu 1993. Anaphunzitsa pano zaka zingapo, mu 2001 anatulutsa buku la maufumu a pakati pa Zambezi ndi Limpopo, ndipo pambuyo pake anasamukira ku University of Pretoria komwe ndi pulofesa.

Funso limene anayamba nalo ndi limene ine ndinali ndisanadzifunsepo m'zaka 14 zonsezi. Ufumu wa Mutapa timaudziwa m'makalata a Apwitikizi ndi m'mbiri yapakamwa. Nanga pansi uli pati? Munthu angaloze malo ati n'kunena kuti apa ankaphika, apa ankagulitsana?

Makalatawo amatchula kwambiri msika wa Massapa, pafupi ndi phiri la Fura, kudera la Mount Darwin kumpoto kwa Harare. Apwitikizi, pomva za golide wa kumeneko, ankaganiza kuti Fura ndi Ofiri wa Mfumu Solomo. Pa Massapa pankakhala Mpwitikizi amene ankatchedwa kapitao wa zipata. Ankasankhidwa ndi amalonda anzake, koma womuvomereza anali Mutapa, mfumu ya dzikolo, ndipo wamalonda sankapitirira kulowa m'dziko popanda chilolezo. Pa nsalu 20 zilizonse, imodzi inali msonkho wa mfumu. Ndinaseka nditamva izi, chifukwa dzana lomweli ndinali pamzere wa pachipata ndi chikwama chotsekula.

Vuto linali lakuti Massapa anasowa. Dzina lili m'mapepala, malo osadziwika. A Pikirayi anayenda m'minda ya m'tsinde mwa Fura n'kukafukula pamalo otchedwa Baranda. Pamenepo palibe malinga aakulu ngati a ku Great Zimbabwe, ndi munda wamba woti mlimi angalimepo chimanga osadziwa kanthu. Koma munatuluka mikanda yagalasi yambirimbiri, ndi zidutswa za mbale zonyezimira za ku China ndi kwina kutsidya kwa nyanja, za m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, nthawi yomweyo imene makalata amanena za Massapa. Anatsimikiza kuti Baranda ndiye ayenera kukhala Massapa.

Ine ndikanalekera pomwepo n'kuomba m'manja. Msuweni anati ayi, mbale za ku China ndi nyambo chabe, nsomba ili m'mapale. Mbiya za pa Baranda, zopukutidwa mpaka kuda bii monyezimira, n'zachibale ndi za ku Great Zimbabwe. Kutanthauza kuti anthu a Mutapa anapitiriza mwambo womwewo ngakhale pamene sankamanganso ndi miyala. Komanso kuchuluka kwa mapalewo kukusonyeza mudzi waukulu wa eni dziko, mmene mlendo anali ndi kachigawo kake chabe. Ukawerenga makalata okha umaona ngati msikawo unali wa Apwitikizi, eni dziko n'kumangobwera ndi golide pakhomo. Mpwitikizi analemba za nsalu zake ndi za mnzake wa zipata. Za mayi amene ankaumba mphika womuphikira sanalembe.

Apa ndi pamene ndinachita manyazi pang'ono. Manotsi anga a Mutapa, ndikawaganizira bwino, theka lake ndi mayina a Apwitikizi ndi zaka zawo: wansembe wawo Gonçalo da Silveira anaphedwa mu 1561, Mutapa Gatsi Rusere anawapatsa migodi mu 1607, Mutapa Mavhura anasaina nawo pangano mu 1629. Zoona zonsezo. Koma ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya mudzi kuchokera m'buku la alendo.

A Pikirayi sanaime pa Baranda. Zaka zaposachedwa abwerera ku Great Zimbabwe ndi anzawo kukafunsa funso la mayi aliyense wa kumudzi: anthu onsewo ankatunga kuti madzi? Kuzungulira mzindawo kuli maenje akuluakulu amene kale ankati ndi nkhuti chabe, mokumbamo dothi lomangira. Kafukufuku wawo wa 2022 anasonyeza kuti maenjewo ankasunganso madzi a mvula ndi a pansi, oti anthu ndi ziweto adutsire chilimwe.

Lachinayi

Lero kupuma. Azakhali anavala yunifolomu n'kupita ku Chigwirizano, pakuti CCAP ili ndi sinodi yakeyake kuno, mphukira ya Nkhoma, ndipo nyimbo zake ndi zomwe zija za kwathu. Ine ndinaperekeza malume ku Mbare Musika kukagula mbewu ya ndiwo zamasamba. Phokoso la kumeneko, msika wa Limbe ndi mwana.

Pobwerera anandionetsa chitupa chawo chakale. Chili ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. "Zaka zoposa 60, mphwanga. Misewu ina ya m'tauni muno phula lake ndinathira ndine. Ana a kuno ankatitcha mabhurandaya, ati tonse ndife a ku Blantyre, pamene ine Blantyre ndinangomudutsa pa sitima." Anaseka, n'kuchibwezera m'kachikwama ka pulasitiki mmene amasungamo makadi a ubatizo.

Lachisanu

Mwana wamkulu wa malume anatibwereka galimoto, tinalowera kumpoto, msewu wa ku Mazowe. Inde, Mazowe yemweyo wa malalanje, amene dzina lake tinalidziwira pa botolo la Mazoe. Mitengo ya musasa, abale ake a mombo wa kwathu, yayamba kuphuka masamba ofiira, mapiri onse psuu. M'mbali mwa mitsinje muli maenje a anyamata okumba golide, kuno amati makorokoza. Golide amene anakoka Apwitikizi akukokabe anthu m'chigwa chomwechi.

Tinaima pamtunda wina, msuweni n'kuloza chakumene kuli mgodi wa Jumbo. Kumeneko n'kumene kunali Dambarare, msika umene unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1600. Unali ndi mipanda yadothi ndi tchalitchi. Garlake uja anafukulapo mu 1967, napeza manda m'kati ndi m'mbali mwa tchalitchicho, pamodzi ndi mbale zakunja ndi mikanda. Mu November 1693 asilikali a Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, anaugwera msikawo n'kuufafaniza, ndipo Apwitikizi anathawa kuchoka kumapiri kuno n'kubwerera kuchigwa cha Zambezi. Sitinafike pamalo penipenipo, ndi m'minda ya eni ake, ndipo msuweni akuti ukafika umangoona timizere ta dothi totukuka pang'ono ngati mizere ya mbatata yakalekale.

Malume anali phee m'galimoto, chipewa kumaso. Anadzidzimuka nditatchula kuti Amaravi nawonso ali m'nkhani imeneyi. Mu 1608 Muzura, mfumu ya kutsidya kwathu kwa Zambezi, anatumiza ankhondo 4,000 kudzathandiza Apwitikizi kuteteza Gatsi Rusere kwa omuukira, ndipo patapita zaka iye yemweyo anawoloka mtsinje kudzamenya nkhondo kuno. Nsalu za thonje zoluka m'chigwa cha Shire ndi Zambezi, zotchedwa machira, zinkagulitsidwa m'misika ya kuno.

"Ndiye kuti utchona sitinayambe ndife?" anafunsa malume.

Ndinawauzanso za a Yusuf Juwayeyi, katswiri wa kwathu, amene anachita ntchito yofanana ndi ya a Pikirayi. Iwo anatsata mbiri yapakamwa ya Achewa yonena za likulu la Kalonga, n'kukafukula pa Mankhamba. Anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Katundu wa mtundu womwewo, wolowera ku Zambezi komweko, wina n'kukhotera kuno, wina kwathu.

Malume anavula chipewa. "Mankhamba wake uti? Wa kwathu ku Mtakataka, kufupi ndi Nadzipulu?" Nditavomera anagwedeza mutu nthawi yaitali. "Ife tinkadyetsa mbuzi chakumeneko. Mapale tinkaponyerana ngati miyala. Akuluakulu ankangoti musamasewere pabwinja."

Njira yonse yobwerera anali kutchula mayina a midzi, madambo ndi anthu amene ambiri a iwo ndinawapeza ali kale kumanda. Msuweni anayatsa foni mwakachetechete n'kumajambula mawu. Akuti bambo ake sanayankhulepo za kumudzi motalika chonchi.

Loweruka

Azakhali anati mbewu ija singadzalidwe pa nthaka yoguga, tikumbe dzala lakale la kuseri kwa nyumba titengeko manyowa. Ndinagwira khasu. Ndisanatemenso kachitatu, msuweni anandilanda.

"Asuweni, mukukumba ngati mukufuna mbewa. Dikirani."

Anakhoma zikhomo zinayi, n'kumanga ulusi, n'kubwereka kampeni ka amisiri omanga nyumba kwa aneba. Sefa wa ufa azakhali anakaniza, ndiye tinagwiritsa ntchito waya wa pakhola la nkhuku. Anayamba kupala pang'onopang'ono, dothi la mtundu umodzi kulimaliza kaye asanalowe lina. Mwamasewera, komatu dzanja lake limaoneka kuti ntchitoyi limaidziwa ndipo laisowa.

Pamwamba panali majumbo ndi makadi okalakala a mayunitsi. Pansi pake phulusa lambiri, mabatire a wailesi, ndi kandalama ka mbalame ya Zimbabwe. Titafika cha m'mawondo dothi linasintha n'kukhala lakuda, lonona. Munatuluka mbale yachitsulo yodyeka dzimbiri, mabotolo osweka, mafupa a nkhuku, kenako pawaya paja panatsala kanthu kozungulira koboola pakati. Anakapukuta ndi chala chonyowetsa malovu. Njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, uku ndi uku kwa bowo. Kuseri kwake, Rhodesia and Nyasaland, 1957.

"Basi," ndinatero ine mphunzitsi, "dzala ili linakumbidwa mu 1957."

"Mwalakwa mayeso. Baba anabwera liti? Nyumba ino analowa liti?"

Malume, ali pampando wawo pamthunzi, anati 1966.

Ndiye anandiphunzitsa lamulo limene akuti wophunzira aliyense amalakwa koyamba. Kobiri likungonena kuti dothi ili silinatayidwe chaka cha 1957 chisanafike. Pambuyo pake likhoza kukhala chaka chilichonse, popeza ndalama imayenda m'matumba zaka zambiri isanagwe. N'chimodzimodzi mbale ya ku China pa Baranda: inapangidwa chaka china, inayenda panyanja, mwina inasungidwa m'nyumba ya mfumu mpaka zidzukulu, kenako n'kusweka. N'chifukwa chake safulumira kutchula chaka ndi chinthu chimodzi, amayang'ana zonse zogona pamodzi.

Pafupi ndi pamene panali kobiri panatuluka phale, lalikulu ngati chikhatho, la kukamwa kwa mphika. Lili ndi mwaye kunja, ndi timizere todinda ndi kamtengo kuzungulira khosi. Msuweni analitembenuza kangapo n'kunena kuti kaumbidwe aka sakuona ngati n'ka kuno. Azakhali anangolisuzumira kamodzi.

"Kamphika ka apongozi anga aka."

Nkhani yake ndi iyi. Malume atakwatira, agogo anga kumudzi anaumba kamphika ka ndiwo n'kupatsira munthu wina wobwerera kuntchito kuno, atakakulunga m'chitenje ndi masamba a nthochi. Kanadutsa Dondo ku Mozambique ndi Umtali, lero Mutare, pa sitima osasweka. Uthenga wake unali woti mkamwana aziphikiramo mwana wawo thelele, chifukwa la m'poto wachitsulo silikoma. Kanatumikira zaka zingapo mpaka mwana woyamba, yemwe uja anatibwereka galimoto, anakagwetsa akufuna kukombeza. Anakwapulidwa, ndipo akuti mpaka lero thelele sadya.

Agogo sindinawapeze, anamwalira ndisanabadwe, ndipo chithunzi chawo palibe amene ali nacho. Sankadziwa kulemba. M'kati mwa phalelo, chakukhosi, muli kadzenje kosalala pamene woumba anatsindika pokonza mlomo. Ndinaikapo chala changa chachikulu. Chinakwana pang'ono, chawo chinali chaching'ono.

Msuweni analemba zonse m'kope: kuya kwake, mtundu wa dothi, chimene chinali pafupi ndi chinzake, ndi mawu a amayi ake monga anawanenera. Kenako tinadzala mbewu ija.

Kobiri malume atenga, alimangirira kumakiyi a nyumba. Phale andipatsa kuti ndikapereke kwa amayi, ati mlongo wawo akalizindikira timizereto chifukwa ndiye ankapondera dothi. Ndalikulunga m'sokosi ziwiri n'kuliika pakati pa zovala. Msuweni akuti ndikakafika ndimutumizire chithunzi cha mapale a kwathu, pambali pake ndiike rula, osati chala. Basi inyamuka 6 koloko m'mawa, ndipo azakhali ali kukhitchini akukazinga nkhuku ya kamba.